Mafuta a M'nsomba ndi Thanzi la Banja: Phunziro kwa Anthu a M'dera la Kande

Kukamacha pa gombe la Kande, mabwato amene anachezera panyanja ndi nyali zawo amayamba kukocheza limodzilimodzi. Amayi ndi amalonda amakhala atafika kale ndi mabeseni ndi zidebe, ndipo dzuwa likamafika paliwombo usipa wambiri umakhala uli pathandala, pamene wina wakwera kale galimoto pa msewu wa M5, ulendo wa ku Mzuzu, ku Nkhotakota kapena ku Lilongwe. Malonda amenewa ndiwo amalipirira ana sukulu, ndiwonso afolera nyumba zambiri za malata m'dera lino la Mfumu Yaikulu Fukamapiri. Komabe pali funso limene sitidzifunsa kawirikawiri. Mwa nsomba zonse zimene zimatsika m'mabwatowa, ndi zingati zimene zimafika m'mbale ya mayi woyembekezera ndi ya mwana wosakwana zaka ziwiri?

Phunziro lino likufotokoza za mtundu wina wa mafuta opezeka m'nsomba, umene akatswiri a zaumoyo amautcha omega-3. M'maiko olemera anthu amagula mafutawa m'mabotolo pa mtengo wokwera. Kuno kwathu amabwera ndi bwato m'mawa uliwonse. Tiona chimene mafutawa ali, ntchito yake m'thupi, amene akuwafuna koposa, ndi mmene tingawasamalire kuti asawonongeke asanafike pakamwa.

Kodi omega-3 n'chiyani?

Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo, gulu limodzi ndi la zamafuta. Ambiri timaganiza kuti mafuta onse ndi amodzi, ndipo ntchito yake ndi kukometsa ndiwo ndi kunenepetsa thupi basi. Zoona zake n'zakuti mafuta ali m'mitundu yambiri. Ina thupi limatha kudzipangira lokha kuchokera ku nsima ndi zakudya zina zokhutitsa, koma ilipo ina imene thupi silingapange, choncho iyenera kulowa kudzera m'chakudya. Mfundo imeneyi anaitulukira George Burr ndi mkazi wake Mildred Burr ku America m'chaka cha 1929, ataona kuti makoswe amene ankapatsidwa chakudya chopanda mafuta konse ankasiya kukula ndipo khungu lawo linkawonongeka.

Omega-3 ali m'gulu la mafuta ofunikawa, ndipo mitundu yake yodziwika ndi itatu. Woyamba umatchedwa ALA ndipo umapezeka m'zomera monga soya ndi masamba obiriwira. Iwiri inayo, EPA ndi DHA, imapezeka makamaka m'nsomba. Thupi limatha kusandutsa ALA kukhala EPA ndi DHA, koma limatero pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake munthu amene amadya soya ndi masamba okha sapeza DHA wochuluka ngati amene amadya nsomba. Mtedza ndi mafuta a mpendadzuwa n'zabwino pa ntchito zake, koma omega-3 mulibe wokwanira.

Kumene mafutawa amachokera

Gwero lenileni la EPA ndi DHA si nsomba ayi, koma ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso zimene zimayandama m'madzi. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timadya nderezo, nsomba zing'onozing'ono monga usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, kenaka nsomba zikuluzikulu monga ncheni, batala ndi kampango zimadya nsomba zing'onozing'onozo. Motero mafutawa amayenda kuchoka ku ndere mpaka kufika m'mphika wathu.

Mabuku ambiri onena za omega-3 amatchula nsomba za m'nyanja zikuluzikulu za mchere, makamaka za m'madzi ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, chifukwa ndizo zili ndi mafutawa ochuluka zedi. Karapau amene amagulitsidwa m'masitolo a m'tauni ndi nsomba za m'zitini ndi za m'nyanja za mchere zoterozo. Koma nyanja yathu, ngakhale madzi ake alibe mchere, ili ndi ndere zake ndi tizilombo take, ndipo nsomba zake zili nawo mafutawa. Nsomba yonona ngati batala, imene anthu a m'boma la Nkhata Bay amainyadira, mafuta ake amaoneka ndi maso mumphika. Usipa nawo uli ndi mwayi wake: timaudya wonse, mutu, maso ndi minga, ndipo m'mutu ndi m'maso ndi mmene DHA amapezeka wambiri. Pamwamba pa mafutawa, kansomba kodyedwa kathunthu kamapereka zomanga thupi, mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, mchere wowonjezera magazi ndiponso mavitamini.

Ubongo ndi maso a mwana

Tikachotsa madzi mu ubongo wa munthu, zoposa theka la zotsalazo ndi mafuta, ndipo DHA ndi amodzi mwa mafuta ofunika kwambiri pamenepo. DHA amapezekanso wochuluka m'kachigawo ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Ubongo umasonkhanitsa DHA mofulumira m'miyezi itatu yomaliza ya pakati ndi m'zaka ziwiri zoyambirira za moyo. Nthawi imeneyi ili m'kati mwa masiku 1,000 oyambirira amene a zaumoyo amatikumbutsa kawirikawiri, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Pofika zaka ziwiri, ubongo wa mwana umakhala utafika pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mwana amene ali m'mimba alibe kwina kotenga DHA koma m'magazi a mayi ake, ndipo akabadwa amamupeza mu mkaka wa m'mawere. Kuchuluka kwa DHA mu mkakawo kumadalira chimene mayi akudya. Mabungwe a FAO ndi WHO atasonkhanitsa akatswiri ku Rome m'chaka cha 2010 kuti ayeze ubwino ndi kuopsa kwa kudya nsomba, anagwirizana kuti mayi akamadya nsomba ali woyembekezera amachepetsa chiopsezo chakuti ubongo wa mwana wake usakule bwino. Akatswiri a mabungwe omwewa amalangiza kuti munthu wamkulu azipeza mamiligalamu 250 a EPA ndi DHA pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa azipeza mamiligalamu 300, mwa amenewa 200 akhale a DHA. Palibe amene angayeze mamiligalamu pakhomo, choncho langizo losavuta kukumbukira ndi ili: nsomba zizipezeka pa chakudya kosachepera kawiri pa sabata, ndipo kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja n'zotheka kupitirira pamenepo.

Umboni wochokera m'nyanja yathu yomwe

Nkhaniyi si ya kunja kokha. M'chaka cha 2015 akatswiri anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'boma la Mangochi, kumene anayeza mkaka wa amayi oyamwitsa okhala pafupi ndi nyanja. Anapeza kuti DHA mu mkaka wa amayiwa anali pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mlingo umene umapezeka mwa amayi ambiri pa dziko lonse. Atayezanso usipa umene amayiwa ankadya, anapeza kuti unali ndi DHA wambiri. Amayiwa sanali olemera ndipo sankamwa mankhwala apadera. Chimene chinawasiyanitsa ndi amayi a m'madera ena ndi kansomba komweka kamene timayanika pathandala pa Kande, pa Chintheche ndi ku Usisya.

Kafukufuku wina anachitika m'chigawo cha kum'mwera pa ana onyentchera kwambiri amene ankalandira chiponde kuchipatala, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2022. Ana amene chiponde chawo chinakonzedwa mwapadera ndi kuthiridwa DHA anachita bwinoko pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi ingapo, poyerekeza ndi amene analandira chiponde cha masiku onse. Phunziro lake n'lakuti kunenepa kwa mwana si chizindikiro chokhacho cha thanzi. Thupi likhoza kubwerera m'malo pamene ubongo ukusowabe zomangira zake.

Izi zikutikhudza kwambiri ife amene chakudya chathu chachikulu ndi kondowole. Chinangwa chimakhutitsa ndipo chimapirira chilala, koma zomanga thupi ndi mafuta zili mmenemo n'zochepa kwambiri, kuchepa kuposa za m'chimanga. Makolo athu anadziwa kuphatikiza kondowole ndi nsomba ndi chigwada, ndipo kuphatikiza kumeneku ndiko kunkalimbitsa anthu a m'mbali mwa nyanja. Tikachotsapo nsomba, mwana amakhuta koma sakula moyenera. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira.

Kubadwa masiku asanakwane

Lipoti la mabungwe a zaumoyo a pa dziko lonse la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi ana 18 mwa 100 alionse. Mwana wobadwa msanga amavutika kupuma, kuyamwa ndi kusunga kutentha kwa thupi. Zifukwa zake n'zambiri, monga malungo, kuchepa kwa magazi, matenda opatsirana pogonana ndi kutenga pakati msungwana asanakhwime. Kadyedwe nako kali ndi mbali yake. M'chaka cha 2018 bungwe la Cochrane, limene limasanthula zotsatira za kafukufuku wa zamankhwala, linaphatikiza kafukufuku 70 wokhudza amayi pafupifupi 20,000. Linapeza kuti amayi amene anawonjezera omega-3 ali oyembekezera anachepetsa chiopsezo chobereka masabata 37 asanakwane ndi magawo 11 pa 100 alionse, ndipo chobereka masabata 34 asanakwane ndi magawo 42 pa 100 alionse.

Tisamve molakwa. Nsomba sizilowa m'malo mwa sikelo ya amayi oyembekezera, kugona m'masikito, kumwa mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi, kapena kukachirira kuchipatala. Ndi mzati umodzi pakati pa mizati ingapo ya nyumba imodzi. M'madera ena mudakali chikhulupiriro chakuti mayi wapakati asadye nsomba zina monga mlamba. Nsomba yabwino yophikidwa bwino siwononga pakati, ndipo amene akukayika afunse anamwino pa chipatala cha Kande kapena cha Chintheche.

Mtima wa akuluakulu

Chidwi cha dziko pa mafuta a nsomba chinakula m'zaka za m'ma 1970, pamene madokotala awiri a ku Denmark, Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg, anapita ku Greenland kukayeza magazi a anthu a mtundu wa Inuit, amene chakudya chawo chinali nsomba ndi nyama zonona za m'nyanja. Anapeza kuti magazi awo anali ndi omega-3 wambiri ndipo sankaundana msanga. Pambuyo pake, m'chaka cha 1989, kafukufuku wa ku Wales pa abambo oposa 2,000 amene anali atadwalapo mtima anaonetsa kuti mwa amene analangizidwa kudya nsomba zonona kawiri pa sabata, omwalira m'zaka ziwiri anali ochepa ndi magawo 29 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo.

Lero zimadziwika kuti EPA ndi DHA amatsitsa mtundu wina wa mafuta oyenda m'magazi, amathandiza pang'ono kutsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo amachepetsa kutupa kwa m'kati mwa mitsempha. Izi n'zofunika kwa ife chifukwa matenda a kuthamanga kwa magazi salinso a m'tauni mokha: kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Komabe nsomba yothiridwa mchere wambiri imabweza m'mbuyo phindu lomwelo, pakuti mchere umakweza kuthamanga kwa magazi. Amene ali pa mankhwala a matendawa apitirize kumwa monga anauzidwira kuchipatala.

Nanga makapisozi a m'mabotolo?

Masiku ano kumabwera ogulitsa makapisozi a mafuta a nsomba, ena akulonjeza kuti amachiza nyamakazi, shuga, maso ndi matenda ena osawerengeka. Tichenjere. Bungwe lomwe lija la Cochrane litasanthula kafukufuku wambiri wa makapisoziwa pa anthu akuluakulu, linapeza kuti phindu lake pa kuteteza imfa ndi matenda a mtima n'lochepa kwambiri, mwinanso palibe. M'kapisozi muli mafuta okha, pamene m'nsomba muli mafutawo pamodzi ndi zomanga thupi ndi michere. Ndalama ya botolo limodzi ikhoza kugula usipa wodyetsa banja masiku ambiri. Mayi woyembekezera asamwe mafuta ochokera ku chiwindi cha nsomba popanda uphungu wa kuchipatala, chifukwa muli vitamini A wochuluka amene akapyola muyeso amavulaza mwana m'mimba. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ayambenso afunsa dokotala.

Kusamala mafutawa kuchokera pabwato kufika pambale

Omega-3 sachedwa kuwonongeka akakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala kwa nthawi yaitali. Tonse timaudziwa usipa wokhalitsa umene wafiira, ukununkha mafuta akale ndipo ukuwawa pakhosi. Chimene chawonongeka pamenepo ndi mafuta omwe tikunenawa. Nsomba yaiwisi ya tsiku lomwelo ndiyo yopambana, ndipo mwayi umenewu tili nawo ife kuposa anthu a kumtunda. Yofutsa, yoyanika ndi yowamba imasungabe mbali yabwino ya mafutawa ngati yakonzedwa mwaukhondo. Tiziyanika pathandala lokwera osati pamchenga, tizianula ikangouma, ndipo tizisunga m'chotengera chotsekedwa pamalo ouma, ozizira ndi amdima. Kuthira mankhwala a mbewu pa nsomba zouma pofuna kuthamangitsa tizilombo ndi kuika poizoni m'chakudya cha anthu.

Pophika, njira yosunga mafutawa bwino ndi kuphika ndi madzi ochepa, tomato ndi anyezi, n'kudya pamodzi ndi msuzi wake wonse. Kukazinga nthawi yaitali m'mafuta ambiri, makamaka obwerezabwereza, kumachotsa mafuta abwino a nsomba ndi kulowetsamo a m'chiwaya. Pootcha, moto ukhale wofatsa kuti mafuta asathere pamakala.

Kagawidwe ka ndiwo pakhomo

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'mabanja ambiri nsomba yabwino imapita m'mbale ya bambo ndi alendo, mayi amadya zotsala, ndipo mwana wamng'ono amangonyowetseredwa nsima ndi msuzi poopa minga. Mantha a minga ndi omveka, koma njira ilipo. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akakwanitsa miyeziyo, tengani usipa wouma woyera bwino, muukazinge pang'ono popanda mafuta, muusinje mumtondo ndi kusefa mpaka ukhale ufa wosalala. Thirani supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba osinja, ndipo phalalo lipse bwino. Sinjani ufa wokwanira masiku ochepa okha kuti usakhalitse. Nsomba yaikulu ichotsedwe minga mosamala ndi kunyenyedwa, mwanayo adye mnofu weniweniwo, m'mbale yakeyake, akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Abambo asodzi ali ndi udindo waukulu pano. Musanagulitse zonse kwa amalonda, patulani gawo la kunyumba. Ndalama ya kambale kamodzi ka usipa imatha tsiku lomwelo, koma zimene kambaleko kamanga mu ubongo wa mwana zimamuperekeza mpaka kusukulu ndi kuntchito. Agogo ndi apongozi, amene mawu awo amamveka pa nkhani ya chakudya cha mayi wapakati ndi wa mwana wakhanda, akhale oyamba kulimbikitsa zimenezi.

Popanda nsomba m'nyanja, phunziroli lilibe ntchito

M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya pafupifupi makilogalamu 14 a nsomba pa chaka, koma pofika zaka za m'ma 2000 mlingowu unali utatsika kupyola theka, chifukwa anthu anachuluka pamene nsomba zina monga chambo zinachepa. Akuluakulu a m'dera lino ndi mboni za mmene chambo ndi mpasa zinkapezekera kale. Kukokolola tiana ta nsomba ndi masikito m'malo oswanirana ndi kulanda chakudya cha ana athu a mawa, ndiponso kumasiya banja likugona popanda chitetezo ku udzudzu. Lamulo la za usodzi la m'chaka cha 1997 linapereka mwayi woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo ndi pa maziko amenewa pamene makomiti a pagombe amagwirira ntchito limodzi ndi mafumu, Nthambi ya za Usodzi, khonsolo ndi mabungwe monga Ripple Africa. Kulemekeza nyengo yotseka nyanja imene imayamba mu Novembala, kugwiritsa ntchito maukonde a maso ovomerezeka ndi kuteteza malo oswanirana ndi ntchito ya zaumoyo, chimodzimodzi katemera ndi madzi aukhondo.

Mafunso okambirana m'magulu

Makomiti a chitukuko a m'midzi, makomiti a pagombe ndi magulu a amayi akupemphedwa kukambirana mafunso awa pa misonkhano yawo, ndi kupereka maganizo awo kwa khansala wa dera lino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo.

1. Sabata yathayi, kodi mayi woyembekezera kapena woyamwitsa wa pakhomo panu anadya nsomba kangati? Nanga mwana wa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri anadya mnofu kapena msuzi wokha?

2. Ndi miyezi iti imene nsomba zimasowa kapena kukwera mtengo m'mudzi mwanu, ndipo banja lingakonzekere bwanji nyengo imeneyi isanafike?

3. Ndi zikhulupiriro ziti zimene zimaletsa amayi ndi ana kudya nsomba zina, ndipo ndani angathandize kuziunika?

4. Kodi pa gombe lanu nsomba zimayanikidwa ndi kusungidwa motani, ndipo n'chiyani chingakonzedwe popanda kudikira thandizo lochokera kunja?

5. Ndi mabanja ati m'mudzi mwanu, monga a okalamba ndi olera ana amasiye, amene sakwanitsa kugula nsomba, ndipo mudzi ungawathandize bwanji?